Nkhuku ya makaroni imafuna kudekha, osati poto wodula

Amayi ambiri masiku ano akusirira poto wamagetsi wophika pang'onopang'ono, amene anatchuka ku America m'zaka za m'ma 1970 ndi dzina la Crock-Pot. Akuti m'mawa mayi amangoikamo nkhuku, anyezi, adyo ndi madzi pang'ono, n'kupita kukagulitsa kumsika. Pobwera madzulo amapeza nkhuku itapsa.

N'zoona, koma asanatulutse ndalama, ndi bwino ayambe alingalira. Potoyu amafuna magetsi kwa maola 6 mpaka 8 osathima. Akathima mwini ali kumsika, nkhuku imakhala yongofunda isanapse, majeremusi n'kumaswana. Chakudya chotere chikhoza kugoneka banja lonse m'chipatala.

Chinsinsi cha chakudyachi ndi moto wochepa. Mbaula ya makala pang'ono okwiriridwa ndi phulusa imagwira ntchito yomweyo. Ndipo nkhuku yachikuda, yolimba mnofu ija, ndiyo imakoma ikabwata pang'onopang'ono kwa maola awiri kapena atatu.

Pamene ambiri amalakwitsa ndi pothira zonse nthawi imodzi. Makaroni akalowa msanga amasanduka phala, pomwe mkaka kapena kirimu ukawira nthawi yaitali umachita mibulu. Makaroni alowe kutatsala mphindi 20 kuti poto aphulidwe, mkaka ubwere pomaliza, msuzi ukhale wokhathamira bwino.

Choncho mayi amene ali ndi mbaula yokha asadzione wotsalira. Ndalama ya poto ikhoza kugula nkhuku zingapo. Paja akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.