Kusamutsa Seva Si Ntchito ya Phuma

Pakati pa mauthenga onse amene amafika pa lamya zathu za m'manja, palibe umene umalandiridwa ndi kung'ung'udza koposa uja wotiuza kuti kuyambira pakati pa usiku Loweruka kufikira mbandakucha wa Lamulungu sitidzatha kutumiza ndalama, kugula mayunitsi a magetsi, kapena kuona zimene zatsala ku banki, popeza amisiri adzakhala akukonzanso makina. Ndipo ine, ngakhale ndidziwa kuti kudikira kumawawa, makamaka kwa munthu amene ali ndi matenda kuchipatala, ndifuna kunena poyera kuti uthenga wotere tiyenera kuulandira ndi manja awiri, ndi kuti mkwiyo wathu tiusungire iwo amene ntchito yomweyi amaizengereza zaka ndi zaka, kenaka n'kuigwira mwaphuma zinthu zitafika kale pothina.

Chimene chimatchedwa seva ndi kompyuta basi, yokhala m'chipinda chozizira kwinakwake, yosazima usana ndi usiku, imene imasunga maina athu, zithunzi zathu, ngongole zathu ndi makalata athu. Zitsulo zake zimakalamba monga chikalambira chilichonse chopangidwa ndi manja a munthu, ndipo mapulogalamu a m'kati mwake ali ndi tsiku limene owapanga amaleka kuwasamalira: a Microsoft adasiya kusamalira Windows XP mu April 2014, ndi Windows 7 mu January 2020. Kuyambira tsiku lotero, mpata umene mbala ipeza m'pulogalamuyo kawirikawiri ukhala wosatseka. Ndipo ngakhale wopanga atapereka chigamba, chigambacho sichidziika chokha. Pa 12 May 2017 kachilombo ka pa kompyuta kotchedwa WannaCry kadafalikira m'maiko oposa 150, n'kumanga mafaelo a anthu ndi kufuna dipo. Ku England zipatala za boma zidabweza odwala, ndipo nthawi zoonana ndi madokotala pafupifupi 19,000 zidathetsedwa. Chomvetsa chisoni n'chakuti chigamba chotseka mpata umenewo chidatuluka mu March, miyezi iwiri tsokalo lisadagwe, koma ambiri adati tidzaika mawa.

Tsono kukonzanso sikuthawika. Komatu m'kukonzanso momwemo ndi mmene muli ngozi ina, yoopsa kuposa yoyamba, imene ndifuna kuti tikhalepo pang'ono. Aliyense amene adakulira m'nyumba ya udzu adziwa kuti denga limafoleredwa m'chilimwe, thambo lili mbee, ndi kuti munthu asanasasule udzu wakale amayamba watulutsa ufa, zofunda ndi mbewu, n'kuziika pamalo pena. Wosasula denga katundu ali m'kati, mitambo itayamba kale kuda kum'mawa, ameneyo timamuyesa wosaganiza bwino, ngakhale udzu wake watsopano utakhala wokongola chotani. Kutulutsa katundu kumeneku, kwa amisiri a makompyuta, ndiko kupanga backup, kope lachiwiri la zonse zili m'seva, losungidwa kutali ndi sevayo.

Taonani zimene zidachitikira kampani ya GitLab, imene imasungira anthu olemba mapulogalamu ntchito zawo, usiku wa pa 31 January 2017. Mmisiri wina, atatopa ndi kulimbana ndi seva yachiwiri imene idatsalira m'mbuyo pokopera, adaganiza zoifufuta kuti iyambe kukopera mwatsopano. Adalemba lamulo lofufutira, nadina, osazindikira kuti zenera limene adalembamo linali la seva yaikulu. Pamene amadzidzimuka ndi kuimitsa lamulolo, patangopita timphindi tochepa, mwa magigabaiti pafupifupi 300 mudatsala osafika asanu. Mpaka apa nkhaniyi ndi ya munthu wotopa, ndipo ndani mwa ife angamponye mwala? Choopsa chidaoneka pambuyo pake, pamene adatembenukira ku njira zisanu zimene kampaniyo inkadalira posunga makope, napeza kuti palibe ndi imodzi yomwe imene inkagwira ntchito monga ankaganizira: kwina kumene ankayesa kuti kuli makope adapezako kopanda kanthu, ndipo mauthenga ochenjeza kuti kukopera kwalephera sankafika kwa munthu aliyense. Chidawapulumutsa ndi kope limodzi limene mmisiri adapanga pamanja maola asanu ndi limodzi ngoziyo isadachitike, kotero kuti zidatayika ndi za maola amenewo zokha. Ndiwalemekeza anthu amenewa pa chinthu chimodzi: sadabise, adalemba zonse poyera, ndipo ntchito yobwezeretsa adaionetsa pa YouTube anthu akuonerera.

A MySpace mwayi wotere sadaupeze. Mu March 2019 kampaniyi, imene pa zaka zake za ulemerero, Facebook isadakule, inali bwalo lalikulu la oimba achinyamata, idavomera kuti posamutsa zinthu kupita ku maseva ena idataya nyimbo, zithunzi ndi makanema zimene anthu adaikako kuyambira 2003 kufikira 2015. Owerengera adati ndi nyimbo pafupifupi 50 miliyoni za oimba 14 miliyoni. A Internet Archive, osunga zinthu zakale za pa intaneti, adalandira kuchokera kwa ofufuza ena nyimbo pafupifupi 490,000 zimene adakopera kale, ndipo zimenezo ndiye zidapulumuka pagulu. Zotsalazo, kupatula zimene eni ake adasunga okha, zidapita osabwerera. Ndikaganiza za mnyamata amene adajambula nyimbo yake yoyamba m'chipinda chogona, naikhulupirira kampani yaikulu kuti idzamsungira, kapena za makolo amene mawu a mwana wawo womwalira adali komweko kokha, mtima wanga umawawa, pakuti kutaya kotere kulibe khoti limene lingakubweze. Banki ya TSB ku Britain, imene mu April 2018 idasamutsa makasitomala oposa 5 miliyoni kupita ku makina atsopano osayesedwa mokwanira, n'kutsekera ambiri kunja kwa ndalama zawo kwa masabata, idalipitsidwa chindapusa choposa mapaundi 48 miliyoni. Ndalama zimawerengeka, koma nyimbo yofufutika ilibe mtengo woigulira.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kuno kwathu sitidaiwale miyezi yoyamba ya 2024, pamene kusindikiza mapasipoti kudaima kwa masabata ambiri, ophunzira, amalonda ndi odwala ofuna chithandizo kunja ali kakasi, ndipo Pulezidenti wa nthawi imeneyo, Lazarus Chakwera, adauza Nyumba ya Malamulo mu February kuti akuba a pa intaneti adalowa m'makina a nthambi yoona za olowa ndi otuluka m'dziko, nafuna dipo. Pa gwero lenileni la vutolo anthu adatsutsana, koma pa ichi sipangakhale mtsutso: dziko limene lili ndi kope loyesedwa la zolembedwa zake, ndi amisiri akeake odziwa kulibwezeretsa, silikhala nthawi yaitali chotero lili manja m'khosi.

Ndipo nkhaniyi si ya boma lokha. Mipingo tsopano isunga maina a obatizidwa m'makompyuta, masukulu asungamo zotsatira za ana, mabungwe osunga ndi kubwereketsa ndalama asungamo thukuta la alimi ndi aphunzitsi. Ndipo kawirikawiri zonsezi zili m'manja mwa mnyamata mmodzi, amene akapempha ndalama yogulira hard drive yachiwiri, kapena yolipirira malo osungirako kunja kwa ofesi, akuluakulu amamuuza kuti adikire bajeti ya chaka chamawa, popeza makina akugwirabe ntchito. Indetu agwira, kufikira tsiku limene adzaleka. Ndipo tsiku limenelo mlandu wonse udzagwera mnyamata yemweyo, amene adachenjeza koma sadamveredwe. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo mmisiri wopempha sabata ina yoyesera makina atsopano asanazimitse akale sakuchita ulesi ayi; akudziwa kuti seva yakale siyenera kufufutidwa kufikira yatsopano itaonetsa, pamaso pa anthu oigwiritsa ntchito, kuti zonse zafika zamphumphu.

Chifukwa chake ndipempha inu a mpando a makomiti, abusa, aphunzitsi aakulu ndi aphungu a Nyumba ya Malamulo, kuti pamene akubweretserani chikalata chofuna chilolezo chosamutsa seva kapena kukonzanso pulogalamu, musakhutire ndi yankho lakuti backup ilipo, pakuti a GitLab nawonso ankati ilipo. Funsani kuti kope limenelo lidabwezeretsedwa liti pa makina ena moyesa, ndani adatsegula mafaelo ake naona ndi maso kuti ndi athunthu, ndipo lili m'nyumba iti yosiyana ndi mmene muli sevayo. Ndipo ngati palibe wotchula tsiku ndi dzina, musasaine, ntchitoyo iyambe yadikira.