Mdima pa Chithunzi cha Mtima

Sabata ino ndinapenyetsetsa m'magazini ya zachipatala chithunzi cha mtima wa mayi wodwala khansa ya m'mawere, chojambulidwa ndi makina aja otchedwa echo, ndipo taonani, mbali ina yonse inali mdima wandiweyani, pakuti bere la silikoni limene anamuika atamdula lobadwa nalo linatsekereza mafunde a makinawo asanafike pamtima. Walira mvula walira matope. Komatu matope awa si ochepa, popeza mankhwala monga doxorubicin ndi trastuzumab, wachiwiriyu wovomerezedwa ku America mu 1998, angathe kufooketsa mnofu wa mtima, kotero kuti wodwala amapimidwa kawirikawiri, mwina miyezi itatu iliyonse, kuti aone ngati mtimawo ukupopabe magazi mokwanira. Pa makina ena ojambulira mtima otchedwa SPECT napo bere lomweli limameza cheza, n'kuonetsa chilema pamene palibe. Mayiyo sindimdzudzula ayi, pakuti anangofuna kubwezera thupi lake ulemu. Amene ndidandaula naye ndi wopima uja amene, m'malo moika kachipangizo ka echo kunsi kwa nthiti kapena kupempha chithunzi cha makina a MRI, angolemba chiwerengero chongopenekera cha mmene mtimawo ukupopera magazi, dokotala nachikhulupirira, naimitsa mankhwala amene mayiyo akali kuwafuna.