Za Umoyo Pakhomo: Wodwala Akakodza Pogona ndi Kusokonezeka Mutu

Ku Zengeza, m'tauni ya Chitungwiza, mabanja ambiri, kuphatikizapo amene makolo awo adachokera ku Malawi, amasamalira odwala matenda amgonagona pakhomo. Pali vuto limodzi limene achibale amachita manyazi kulitchula: munthu wamkulu kuyamba kukodza pogona, n'kudzuka pakati pa usiku osazindikira ngakhale ana ake. Ena amati ndi ukalamba, ena amathamangira kunena za ufiti. Koma ziwirizi zikayamba pamodzi mwadzidzidzi, kawirikawiri pamakhala matenda amene angathe kuchizika.

Choyamba kuganizira ndi tizilombo m'chikhodzodzo. Kwa okalamba, matendawa angathe kusokoneza mutu thupi lisanatenthe n'komwe.

Chachiwiri ndi shuga. Akakwera, wodwala amamva ludzu ndipo amakodza pafupipafupi. Akatsika pansi pa 4 pa kachipangizo koyezera, wodwala amatuluka thukuta, amanjenjemera ndi kubwebweta. Izi zimachitikira makamaka obaya insulin kapena omwa glibenclamide akagona osadya. Ngati akutha kumeza, apatseni madzi othira shuga. Ngati akomoka, musawaike kanthu m'kamwa.

Chachitatu ndi kugwa khunyu kutulo. Lilime lolumidwa m'mawa ndi chizindikiro chake.

Chachinayi ndi mankhwala. Furosemide amachulukitsa mkodzo, n'chifukwa chake amamwedwa m'mawa. Musasiyitse wodwala mankhwala alionse musanafunse anamwino.

Kwa amene ali ndi kachilombo ka HIV, kusokonezeka kodza ndi mutu waukulu kungakhale matenda oumitsa khosi, amene amapha msanga.

Madzi akasowa m'mipopi, ena amamumana wodwala akumwa pofuna kuchepetsa zochapa. Uku n'kulakwitsa, pakuti thupi likauma mutu umasokonezeka kwambiri. Amwe mokwanira masana, achepetse pokagona.

Inu alangizi ndi osamalira odwala m'dera, limbikitsani mabanja kulemba tsiku limene vuto lidayamba, chimene wodwala adadya ndi nthawi imene adamwa mankhwala. Apite naye kukiliniki tsiku lomwelo, atanyamula mankhwala onse ndi khadi lake. Akakomoka, akauma khosi kapena akafa ziwalo mbali imodzi, musadikire kuti kuche: thamangirani ku Chitungwiza Central Hospital ku Zengeza 4.

Pomusintha zofunda, musamudzudzule kapena kumuseka. Ndi kholo lathu, ndipo sakuchitira dala.