Kamera mwagula, nanga diso lake?

Masiku ano mabanja ambiri achinyamata akugula kamera zija amati mirrorless, ena kuti azijambula mwana akamakula, ena kuti azipezerapo kangachepe pa maukwati ndi pa zinkhoswe. Maganizo abwino ndithu. Koma kamera ikangofika pakhomo, bambo amayamba zoti lenzi yomwe yabwera nayo njachabechabe, tigule ina, pomwe mayi akuwerengera fizi ndi lendi. Mkangano wabuka basi. Tiyeni tikambirane, chifukwa lenzi imodzi ikhoza kudula kuposa kamera imene.

Lenzi ndi diso la kamera. Kusukulu ya unamwino tinkaphunzira kuti kamwana ka m'diso kamakula mumdima kuti kuwala kulowe kochuluka, ndipo kamachepa padzuwa. Lenzi nayo ili ndi kabowo kotero, ndipo kukula kwake amakulemba ndi chilembo f. Nambala ikachepa ndiye kuti bowo lakula: ya f/1.8 imalowetsa kuwala pafupifupi kakhumi kuposa ya f/5.6. Nambala inayo ndi ya mm. Yaing'ono, monga 16mm, imatenga chipinda chonse, pomwe yaikulu, monga 200mm, imakokera pafupi zinthu zakutali.

Langizo langa loyamba ndi lakuti yambani ndi lenzi yomwe yabwera ndi kamerayo. Canon EOS R50 ya 2023 kawirikawiri imagulitsidwa ndi 18-45mm, pomwe Sony ZV-E10 ya 2021 ndi Nikon Z30 ya 2022 zimabwera ndi 16-50mm. Musaipeputse. Kamera zitatuzi zimadalira kwambiri lenzi kuti chithunzi chisagwedezeke dzanja likamanjenjemera, ndipo malenzi obwera nazowa ali ndi chipangizo chothandiza zimenezo. A Canon amalemba IS, a Sony OSS, a Nikon VR. Pojambula vidiyo ya mwana akuphunzira kuyenda, timalemba timeneti ndi tofunika zedi.

Jambulani nayo kwa miyezi itatu, kenako khalani pansi awirinu muone zithunzi zomwe zakanika. Zimenezo ndizo zikuuzeni lenzi yoti mugule, osati anzanu a kuntchito.

Ngati zomwe zikukanika ndi za m'nyumba madzulo, kapena magetsi akazima, mukufunika lenzi ya bowo lalikulu, monga f/1.8. Apa ambiri amathamangira 50mm poti njotsika mtengo. Chenjerani. Pa kamera zimenezi 50mm imaona ngati 75mm pa Sony ndi Nikon, kapena 80mm pa Canon. Pabalaza pathu paja mudzabwerera m'mbuyo mpaka kugunda khoma, agogo ndi azakhali osalowabe m'chithunzi. Imeneyi imakongoletsa nkhope ya munthu mmodzi, monga mkwatibwi panja, kumbuyo kwake kutachita mbuu. Za m'nyumba, funani yapakati pa 24mm ndi 35mm. Dziwaninso kuti malenzi otere sakoka: kuyandikira ndi kutalikira ndi miyendo yanu.

Ngati vuto ndi kutalika, monga mwana ali pabwalo la masewero kusukulu, pali 55-210mm ya Canon ndi ya Sony, kapena 50-250mm ya Nikon. Koma awa amafuna kuwala kwambiri. M'tchalitchi mwamdima adzakukhumudwitsani.

Inu ofuna vidiyo, yesani lenziyo musanalipire. Jambulani pang'ono pamalo a zii, kenako mvetserani. Ina imalira ikamasaka nkhope, ndipo phokosolo limalowa m'vidiyo, pamwamba pa malumbiro a eni ukwati.

Tsono nali dzenje lomwe lagwetsa ambiri. Lenzi iliyonse ili ndi pakamwa pake polumikizira ku kamera: Canon ndi RF, Sony ndi E, Nikon ndi Z. Ngakhale dzina la kampani litafanana, si zonse zimalowana. Lenzi ya Canon M50, yolembedwa EF-M, silowa pa R50. Zakale zolembedwa EF zimalowa, koma mutagulanso adaputa. Choncho potuma mbale wanu ku Johannesburg, kapena pogula pa Facebook, tchulani dzina lonse la kamera yanu. Safunsa anadya phula.

Yogwiritsidwapo kale ntchito siyoipa, bola muione ndi maso. Walitsani tochi ya foni m'kati mwa galasi. Mukaona timizere ngati ukonde wa kangaude, chimenecho ndi chuku, isiyeni ngakhale kunja ikunyezimira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Yanunso, nyengo ya dzinja, isungeni m'kontena yotseka bwino pamodzi ndi timapaketi ta silica gel tija timapezeka m'mabokosi a nsapato. Kupukuta galasi ndi nsonga ya chitenje ayi, fumbi limakanda.

Pomaliza, ndalama ya lenzi isatuluke mobisa. Ngati kamerayo ndi ya bizinesi, idzigulire yokha lenzi yachiwiri kuchokera pa maoda omwe yagwira, osati pa fizi ya mwana. Ndipo podikira ndalamayo musaleke kujambula. Mwana sadikira lenzi yodula kuti amere dzino loyamba.

Tionanenso sabata yamawa.