Mwana wa ku Kawaza akasankha biotechnology tisamubweze

Caka ciriconse zotsatira za mayeso a Giredi 12 zikatuluka, m'manyumba ambiri a ku Malambo mumabuka funso limodzi-modzi: mwana wakhoza, tsono apite kuti? Ku Kawaza, m'dera la Amfumu a Nsefu m'boma la Mambwe, yankho limadziwika kale. Uphunzitsi, unamwino, kapena nchito yoonetsa alendo nyama mu paki ya South Luangwa. Nchito zimenezi sitizinyoza ai. Kucokera mu 1997, pamene anthu a m'mudziwu anayamba kulandira alendo akunja kuti azigona ndi kudya nsima pamudzi, ndalama za alendo zathandiza sukulu ya Kawaza ndi ana amasiye. Mwana amene wakula akuona magalimoto a ku ma loji salakwa akafuna kudzayendetsa imodzi.

Nanga mwana wina akabwera ndi fomu ya ku yunivesite atalembapo mau acilendo akuti biotechnology? Tidziwa cimene cidzacitika. Atate adzafunsa ngati nchito yake ilipo. Amalume adzakumbuka caka ca 2002 ndi kunena kuti mphwao afuna kukaphunzira kupanga cimanga ca poizoni. Ife tikuti mwana wotere asabwezedwe. Koma tikutinso asatumizidwe mwacimbuli-mbuli, ndipo mtolo wake usasiyidwe pa khola la mbuzi la banja limodzi.

Tiyambe tamasulira mauwo. Biotechnology ndi sayansi yogwiritsa nchito zamoyo, maka-maka tizirombo tosaoneka ndi maso, kupanga zinthu zothandiza kapena kupeza cimene cadwalitsa munthu, ciweto kapena mbewu. Amai amene amathira cimera mu thobwa amacita kale mbali ina ya nchitoyi, kungoti alibe pepala. Mlimi amene amasakaniza mbewu ya soya ndi ufa wakuda uja wa inoculant asanabzale, wathira tizirombo tamoyo timene timakhala ku mizu ndi kukokera cakudya ca mbewu kucokera mu mpweya. Katemera wa ana ku kiliniki, kacipangizo koyezera malungo ndi kadontho ka magazi, mbewu ya nthoci yoculukitsidwa m'mabotolo kuti isakhale ndi matenda, zonsezi ndi za m'nyumba imodzi. GMO ndi cipinda cimodzi cabe ca nyumbayo.

Digiri ya maphunzirowa imatenga zaka zinai. Sukulu lapamwamba la Copperbelt University ku Kitwe lili nayo, ndipo ku UNZA ku Lusaka kuli maphunziro apacibale a tizirombo ndi za cibadwa. Kutsidya kwa malire, ku Bunda pafupi ndi Lilongwe, nakonso amaphunzitsa. Caka coyamba ndi masamu, chemistry, physics ndi biology. Pambuyo pake mwana amalowa mu labotale kuphunzira kuweta tizirombo m'timbale ndi kuwerenga DNA, kalata ya cibadwa imene ili mwa camoyo ciriconse. Akadzabwera pa holide n'kumakamba za majini, agogo asathamangire kwa abusa. Si majini a ziwanda, ndi timizere ta kalata ija timene timalamula kuti cimanga cikhale coyera kapena cacikasu.

Tsono cifukwa ciani mwana wa ku Kawaza, osati wa ku Kabulonga cabe? Cifukwa mabvuto amene sayansi imeneyi imalimbana nao ali pakhomo pathu.

Onani kashembe. Kumtunda ku Katete ndi ku Chipata anthu alima ndi ng'ombe, pamene kuno kucigwa ambiri akali kugwira khasu kaamba ka kanchenche kameneka, kamenenso kamapatsa anthu matenda a kaodzera. N'cifukwa cake boma lili ndi malo ofufuzira za kashembe ku Kakumbi, pafupi ndi Mfuwe. Akatswiri a sukulu ya madokotala a ziweto ya Samora Machel ku UNZA, pamodzi ndi anzao a ku Hokkaido University ku Japan, akhala akutenga magazi a anthu, agalu ndi ziweto m'cigwa ca Luangwa ndi kuwayeza ndi njira zofufuza DNA ya kacirombo, zimene zimapeza matenda ngakhale pamene maikulosikopu sanaone kanthu. Tiwayamika. Koma ndani mwa ife sanaonepo momwe zimakhalira? Galimoto ifika, mfumu ilandira alendo, mwana wa pamudzi amasulira cinenero ndi kugwira mbuzi miyendo, magazi alowa m'bokosi la madzi oundana, galimoto ipita. Mwana wathu amathera pa kugwira miyendo. Wowerenga cimene cili m'magaziwo ndi wina, ndipo wosankha funso loti lifufuzidwe caka camawa ndi winanso.

Onani mvuu. Mu 2011 ku Chama, kumpoto kwa cigwa comweci, mvuu zinafa ndi matenda a anthrax ndipo anthu oposa 500 anadwala atagwira kapena kudya nyamayo. Asanu anamwalira. Anthu sanadye cifukwa ca umbuli, anadya cifukwa ca njala ndi nkhuli, ndiponso cifukwa panalibe wowauza msanga, m'cinenero cao, cimene capha nyamazo.

Onaninso nkhokwe. Cuku cimene cimamera pa nshawa ndi cimanga cosauma bwino cimatulutsa poizoni wochedwa aflatoxin, amene saoneka, sanunkha, ndipo safa ndi moto wa pamafuwa. Amaononga ciwindi pang'ono-pang'ono ndi kupinimbiritsa ana. Mu Ogasiti 2024 nduna ya zaumoyo, a Elijah Muchima, inalengeza kuti agalu pafupi-fupi 400 anafa atadya cakudya ca cimanga coipitsidwa ndi poizoniyu, ndipo anapezekanso mu ufa wina wa anthu. Cida cimodzi colimbana naye ndi Aflasafe, cimene bungwe la IITA linakonza pamodzi ndi ofufuza zaulimi a boma a ZARI. Ndi njere za mapira zopakidwa mtundu wina wa cuku comweco, wocokera m'nthaka ya Zambia, umene sutulutsa poizoni. Mlimi amamwaza m'munda masabata awiri kapena atatu mbewu isanacite maluwa, ndipo cuku cabwino cimalanda malo a coipa. Palibe GMO pamenepa. Ndi biotechnology yeni-yeni, ya munda wa nshawa.

Tibwerere kwa amalume ndi caka ca 2002, pakuti mantha ao ali ndi mizu. Caka cimeneco anthu pafupi-fupi 3 miliyoni anali pa njala, ndipo malemu a Pulezidenti Levy Mwanawasa anakana cimanga ca thandizo ca GMO cocokera ku America, nacicha poizoni. Malawi, Mozambique ndi Zimbabwe anacilandira pokhapo citagayidwa kuti cisabzalidwe. Ife tinakaniratu. Boma linatumiza kagulu ka asayansi athu ku South Africa, ku Ulaya ndi ku America kukafunsa, ndipo atabwera, cigamulo cinakhala comweco. Mu 2007 nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo la Biosafety Act, limene linabala bungwe la National Biosafety Authority lopereka kapena kukana cilolezo pa GMO iriyonse.

Lero sitili kuweruza ngati a Mwanawasa anakhoza kapena analakwa. Akhristu abwino ali mbali zonse ziwiri za mkanganowo. Cimene tikumbuka n'cakuti pa nkhani yokhudza mimba ya mlimi wa ku Malambo, olankhula anali a ku Washington, a ku Brussels ndi ocepa a ku Lusaka. Mlimiyo anangouzidwa.

Ndipo nkhaniyo sinathe. Mambwe ndi dziko la thonje. Malawi inabvomereza thonje la GMO lochedwa Bt kumapeto kwa 2018, thonje limene limadzitetezera lokha ku mbozi zoboola zibalobalo. Malire a Mwami sali kutali, ndipo mbewu sifuna pasipoti. Burkina Faso inayamba kulima thonje lotere mu 2008, koma pofika 2016 inalisiya cifukwa ulusi wake unafupika ndipo mtengo unagwa pa msika wa kunja. Dziko lina lalowa, lina latuluka. Tsiku limene funso limeneli lidzafike pa msonkhano wa alimi ku Masumba kapena ku Jumbe, ndani adzaimirira kufunsa wogulitsa mbewu mafunso oyenera? Amene amaopa GMO ndiye ayenera kufunitsitsa kuti mwana wake aphunzire, pakuti kuti udziwe ngati thumba la mbewu kapena la ufa lili ndi GMO uyenera kuliyeza mu labotale, ndipo woyezayo ndi uyu yemwe tikumukaniza.

Tsopano mbali yowawa, imene otsatsa maphunziro sakonda kuichula. Digiri imeneyi siithamangitsa njovu m'munda, ndipo siikweza mtengo wa thonje. Nchito zake n'zocepa poyerekeza ndi za uphunzitsi kapena unamwino, ndipo zambiri zili kutali: ku Mount Makulu ku Chilanga, ku Msekera ku Chipata, ku malo opangira katemera wa ziweto ku Balmoral, ku malo ofufuzira za matenda ku Ndola, ku makampani a mbewu, a mkaka ndi a zakumwa. Boma silemba anthu amenewa m'zikwi monga linacitira ndi aphunzitsi oposa 30,000 mu 2022. Ambiri amene afuna kukhala ofufuza amafunika digiri yaciwiri. Cinanso, biotechnology ndi biomedical science ndi maina ofanana koma ndi njira ziwiri. Mwana amene maso ake ali pa labotale ya cipatala, monga ca Kamoto, afunse kaye ku Health Professions Council of Zambia ngati digiri imene wasankha idzamulola kulembetsa. Afunse asanalipire ngwee, osati m'caka cacinai.

Za ndalama nazonso tisanamizane. Maphunziro aulere amene anayamba mu Januwale 2022 amathera ku sekondale. Thumba la CDF litakulitsidwa caka comweco, thandizo lake la ana a sukulu linalunjika ku masekondale ogonera konko ndi ku makoleji a maluso a manja. Wa ku yunivesite njira yake ndi ngongole ya bungwe la HELSB, imene siifikira onse oipempha, ndipo imabwezedwa ndi ciongoladzanja. Kuonjezera apo pali basi ya ku Chipata, ya ku Lusaka, ya ku Kitwe, nyumba yogona, jasi loyera la mu labotale ndi kompyuta. Banja limene munda wake njovu zinagonamo silingathe lokha.

N'cifukwa cake tikulankhula kwa inu a mipingo. Parishi, mphakati, Cigwirizano ca amai, komiti ya masika, mumadziwa kusonkhetsa. Mwamangira ansembe ndi abusa nyumba, mwagula malata a chalichi ndi matini a cimanga, mwatumiza anyamata ku seminale ndi kuwasunga zaka zambiri osadandaula. Ngati mpingo ungasunge mwana mmodzi wophunzira za Mulungu, ungasungenso mmodzi wophunzira zolengedwa zake. Sitikunena kuti mulipire zonse. Tikunena ndalama ya ulendo, ya lendi, ya sopo, zimene zimabweza ana ambiri kumudzi ngakhale ngongole anaipeza. Ndipo mtsikana asaikidwe kumbuyo. Amene amasankha nshawa zoola pa lichero ndi kuyanika cimanga ndi iye, cuku amacidziwa kuposa mlongo wake.

Ena adzati, nanga akaphunzira n'kusabwerako? Zimacitika, ndipo sitingamumange cingwe. Koma mpingo umene wathandiza uli ndi ufulu wopangana naye poyera, pamaso pa makolo ndi anyakwawa, kuti holide iriyonse aziphunzitsa sayansi ang'ono ake ku sekondale, ndipo kafukufuku wake wa caka comaliza akhale wa bvuto la kwao: kashembe, cuku, mbozi za thonje kapena nchembere zandonda zimene zakhala zikudya cimanga cathu kucokera kumapeto kwa 2016.

Kwa aphungu a Malambo, makhansala ndi makomiti a CDF, pempho lathu ndi limodzi. Mwana sangalowe maphunziro amenewa popanda ma credit mu masamu, Cingerezi ndi sayansi, ndipo sayansi siiphunziridwa ndi coko pa bolodi pokha. Pomanga zipinda zatsopano za sekondale, cimodzi cikhale labotale yokhala ndi madzi, magetsi a dzuwa ndi maikulosikopu ogwira nchito. Mabungwe monga Project Luangwa ndi Chipembele, amene akhala akulipirira ana a m'cigwa sukulu, aonenso kuti kuteteza nyama kumafuna woyeza magazi a mvuu, osati woyenda ndi mfuti kapena woyendetsa alendo cabe.

Mafomu a yunivesite ndi a ngongole ali ndi masiku otsekera, amafuna citupa ca regi ca mwana ndi mapepala a makolo kapena omulera, ndipo zambiri zimacitikira pa intaneti imene kumidzi imabwera ndi kupita. Akatekisiti ndi alembi a mipingo alembe maina a ana a Giredi 12 amene amakhoza sayansi mayeso asanalembedwe, ndipo mainawo awerengedwe pa msonkhano wa bungwe la parishi wotsatira.