ZA PAKHOMO: Mphaka akayamba kubisala

M'makomo ambiri mphaka ndiye mlonda wa nkhokwe, ndiponso bwenzi la ana. Tinazolowera kumuona akudzikhula kumiyendo yathu nthawi ya nsima. Nanga tsiku lina akasiya zonsezi, n'kukabindikira kunsi kwa bedi kapena kuseri kwa matumba a chimanga, osatuluka ngakhale amve fungo la usipa, tiganize chiyani?

Ambiri timangoti wanyanyala. Nthawi zina n'zoona: kusamuka nyumba, khanda latsopano kapena alendo ochuluka pa Idi zimamusowetsa mtendere, koma wotereyu amatuluka usiku n'kudya. Wamkazi nayenso amafuna pobisika bere lake, la masiku pafupifupi 63 mpaka 65, likayandikira kutha. Izi sizidetsa nkhawa.

Chodetsa nkhawa n'chakuti mphaka sadandaula akamamva ululu. Chibadwa chake n'kubisa kufooka kuti adani asamupezerere. Choncho kubisala kumakhala chizindikiro choyamba cha matenda, mwinanso chokhacho.

Tiyambe taona mbale yake. Mphaka akatha masiku awiri kapena atatu osadya, makamaka wonenepa, mafuta amaunjikana m'chiwindi ndipo matenda amenewa amapha. Tisamati adya njala ikamupweteka. Kenaka tione pamene amakodza. Wamphongo amene akunjuta kawirikawiri, akulira, koma mkodzo osatuluka, njira yake yatsekeka, ndipo angathe kufa pasanathe masiku atatu. Ameneyu ngwothamanga naye kwa dokotala wa ziweto tsiku lomwelo, osadikira kuti kuche. Timusisitenso pang'onopang'ono kumutu, m'khosi ndi patsinde pa mchira, pakuti kulumana kwa amphaka usiku kumasiya kabala kosaoneka m'bweya kamene kamasanduka chotupa cha mafinya. Wokalamba akamamwa madzi kwambiri uku akuonda, tikayikire impso. Ndipo ngati ife kapena anansi tinatchera mankhwala a makoswe posachedwa, tiwauze adokotala, chifukwa mphaka amadya khoswe wodya kale poizoni.

Pano tikupemphani ndithu amayi ndi abambo: musampatse Panado. Chiwindi cha mphaka sichitha kusungunula paracetamol monga chathu, ndipo m'bulu umodzi wokha ungathe kumupha. Chifundo chotere chapha amphaka ambiri. Mankhwala a utitiri opangira agalu, amene muli permethrin, nawonso ndi poizoni kwa iye.

Palinso nkhani yokhudza moyo wa ana athu. Chiwewe timachidziwira kwa agalu, komatu mphaka nayenso amadwala, ndipo chimayamba ndi kusintha khalidwe: wofatsa kuyamba ukali, wochezeka kuyamba kuthawa anthu, kutuluka dovu, kulephera kumeza. Mphaka wotere asatulutsidwe ndi manja, ndipo ana asayandikire. Titseke chitseko n'kukaitana alangizi a ziweto. Wina akalumidwa kapena kukalidwa, bala litsukidwe ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenaka kuchipatala tsiku lomwelo kukalandira katemera, chifukwa zizindikiro zikangooneka mwa munthu palibenso mankhwala. Achipatala akakulemberani masiku obwerera, musadumphe ngakhale limodzi.

Tsono a zaziweto akadzalengeza za katemera wa chiwewe m'dera lanu, musatenge galu yekha. Pusi naye apite, koma m'dengu lovundikira bwino, pakuti pamzere wa agalu sangakhale m'manja.