Asanafomate laputopu yanu, werengani kaye zomwe yalemba

Pali yankho limodzi lomwe timapatsana msanga laputopu ikakana kuyaka bwino: "Ingofomata." Mumalimva kumahostelo, mumalimva m'magulu a WhatsApp a kalasi, ndipo kwathu kuno ku Mulanje Boma mumalimvanso kwa ena mwa okonza mafoni ndi makompyuta. Ine ndikuti yankho limeneli n'laulesi, ndipo amene amalira nalo ndi wophunzira yemwe dissertation yake, mawu omwe anajambula pofunsa anthu kumudzi, ndi manotsi a zaka zinayi zili m'makinamo. Kawirikawiri kompyuta yomwe yaima pa sikirini yakuda sinataye kanthu. Yangolephera kutsekula gawo limodzi la disk, ndipo chifukwa chake yachilemba poyera. Ifeyo ndi amene sitiwerenga.

Vutoli tikumana nalo kwambiri m'zaka zikubwerazi. Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10, pomwe Windows 11 imafuna kachipangizo kotchedwa TPM 2.0 komwe malaputopu ambiri akale alibe. Ambirife timagula malaputopu a kaunjika, choncho anzathu ena ayamba kuika Ubuntu kapena Linux Mint, ena n'kumasunga Windows ndi Linux m'makina amodzi. Onjezanipo nkhani ya magetsi. Namondwe wa Ana atawononga siteshoni ya Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya pafupifupi 130 MW kwa nthawi yoposa chaka, ndipo Freddy atagwetsa mapolo kuno mu Malichi 2023 tinaonanso mdima wina. Laputopu yomwe batire yake inafa kale imazima nthawi yomweyo magetsi akathima, ngakhale ili mkati molemba fayilo.

Kuti timvetse chomwe chimachitika, tiyambire apa. Disk ya kompyuta imagawidwa m'magawo, omwe pa Chingerezi amati ma partition. Gawo lina limasunga system, lina mafayilo anu, lina Windows. Linux ikamayaka imawerenga kafayilo kotchedwa /etc/fstab, komwe ndi kaundula wa magawo onse oyenera kutsekulidwa. Mzere uliwonse umanena dzina la gawo, malo omwe lizionekera, mtundu wake monga ext4 kapena ntfs, ndi malamulo olitsekulira. Zili ngati mphunzitsi akuitana maina m'kalasi, koma mphunzitsi wake wouma mutu: mwana mmodzi akapanda kuyankha, amadikira masekondi 90, kenako n'kuimitsa phunziro lonse. Ndipo mpamene mumaona mawu akuti emergency mode. Ana ena onse ali m'kalasi momwemo, amoyo.

Chifukwa choyamba chomwe gawo silimayankhira n'choti kaundulayo ndi wolakwika. Mwina munalembetsa external hard drive yomwe lero mwaisiya kunyumba. Mwina gawolo linalembedwa ndi dzina ngati /dev/sdb1, lomwe limasintha malinga ndi chomwe kompyuta yayamba kuchiona. Kungosomeka flash kungasinthe dzinali. Mwinanso gawolo linafomatidwa payekha, nambala yake yokhazikika yotchedwa UUID n'kusintha, kaundula n'kutsala ndi yakale. Mankhwala ake ndi osavuta. Lamulo la journalctl -xb limaonetsa gawo lomwe lakanika, ndipo lsblk -f limaonetsa UUID ya gawo lililonse. Mukafananitsa ndi zomwe zili mu fstab, cholakwika chimaoneka. Mukhoza kukonza nambalayo, kapena kuika chizindikiro cha # kumayambiriro kwa mzere wovutawo kuti kompyuta iudumphe. Fayiloyo ikakana kusungika, lamulo la mount -o remount,rw / limatsekula njira. Pa disk yochotsachotsa, onjezani mawu akuti nofail, omwe amauza makinawo kuti apitirize ngakhale mwanayo wajomba. Musanazime, yesani ndi sudo mount -a. Ikakhala chete, ndiye kuti zili bwino.

Chifukwa chachiwiri ndi Windows. Kuyambira pa Windows 8 mu 2012 muli chinthu chotchedwa Fast Startup, chomwe chimachititsa kuti mukadina Shut down kompyuta isazimiretu koma ingogona tulo tofa nato. Zili ngati munthu wosiya chikwama pampando wa minibasi pa Chitakale n'kupita kukagula chipisi: mpandowo uli ndi mwini. Linux ikapeza gawo la Windows lili choncho, imakana kulembamo, kapena kulitsekula kumene, poopa kusokoneza zomwe mwiniwakeyo wasiya. Apa palibe chowonongeka. Bwererani mu Windows, zimitsani Fast Startup mu Power Options, kapena gwirani batani la Shift podina Shut down, basi nkhani yatha.

Chifukwa chachitatu ndi cha magetsi chija. Kompyuta ikazima mwadzidzidzi, dongosolo la mafayilo likhoza kutsala losalongosoka. Nthawi zambiri ext4 imadzikonza yokha, koma zikavuta imaima n'kukuuzani kuti muyendetse fsck pamanja, n'kutchula dzina la gawolo. Lamulo lake n'limodzi: fsck isayendetsedwe pa gawo lomwe lili lotsekula. Ku mbali ya Windows ntchito yomweyi imagwiridwa ndi chkdsk.

Ndisaname kuti zonse n'zopepuka. Pali nthawi yomwe disk ikufadi. Mukamva phokoso la kutetera mkatimo, kapena sikirini ikamabwereza mawu akuti I/O error, musakonze chilichonse. Yatsani kompyutayo pogwiritsa ntchito flash yomwe ili ndi Linux, koperani mafayilo ofunika kaye, zina zonse pambuyo. Koma taonani kuti ngakhale apa kufomata si yankho. Kufomata disk yomwe ikufa kumangofufuta mafayilo anu n'kukusiyirani disk yomweyo yodwala.

Patchuthi chapitachi mnzanga wina yemwe akuchita za maphunziro anauzidwa ndi wokonza wina kuti laputopu yake yafa system, afomate. Anali ndi mawu a agogo angapo a ku Likhubula omwe anawajambula akufotokoza za miyambo ya Chilhomwe, ndipo sanawasunge kwina kulikonse. Tinajambula sikiriniyo pafoni, n'kuwerenga mzere ndi mzere. Dzina la gawo lovutalo linali pomwepo: inali hard drive yakunja yomwe mchimwene wake anabwereka. Chizindikiro chimodzi cha # chinathetsa nkhani yonse. Akanafomata, akanabwerera bwanji kwa agogo aja kukawauza kuti ayambirenso?

Ndikudziwa zomwe ena anganene. Choyamba, kuti ife a humanities si ntchito yathu, tisiyire a ku MUST ndi a ku MUBAS. Chachiwiri, kuti wokonzayo alibe nthawi. Kufomata kumamutengera ola limodzi ndipo mtengo wake umadziwika, pomwe kufufuza vuto kungamudyere tsiku. Chachitatu, kuti munthu wosadziwa akamagwiragwira fstab akhoza kuwonjezera mavuto.

Mfundo yachiwiri ndi yachitatuyo ndi zoona, ndipo sindikuzipeputsa. Wokonza nayenso akufuna adye, ndipo ife makasitomala ndi amene tinamuzoloweza kuti timalipira Windows yatsopano yomwe tikuiona ndi maso, osati nzeru zake. Tikanakhala okonzeka kulipira munthu chifukwa chopulumutsa mafayilo athu, ambiri akanaphunzira kutero. Za kuopsa kwa kugwiragwira, njira ilipo: koperani fstab musanaisinthe, sinthani mzere umodzi pa nthawi, ndipo musalembe lamulo lomwe simukulimvetsa chabe chifukwa mwaliona pa YouTube. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Koma mfundo yoyambayo ndikuikana. Ife timathera zaka zinayi tikuphunzira kuwerenga zolemba zovuta. Amatiphunzitsa kufunsa kuti walankhula ndani, akunena za chiyani, wabisa chiyani. Munthu yemwe angathe kumasulira lipoti la atsamunda la za kuukira kwa John Chilembwe mu 1915 sangalephere mizere isanu yomwe ikuti gawo lakutilakuti silinapezeke. Chomwe chimatigwira ndi mantha omwe tinaphunzitsidwa, oti makina ndi a anthu a sayansi. Mantha amenewa ndi okwera mtengo kwa munthu wa ku Mulanje kusiyana ndi wa mu Blantyre, chifukwa kwa ife kukafuna katswiri ku Limbe ndi thiransipoti yopita ndi yobwerera, tsiku lathunthu, ndi ndalama yomwe imayenera kukhala ya bandulo.

Dzina lakuti Ubuntu, lomwe Mark Shuttleworth wa ku South Africa anapatsa system yake mu 2004, ndi mawu omwewa omwe ife timati umunthu. Ngati tikugwiritsa ntchito chinthu cha dzina limeneli, tichitenso zomwe dzinalo likunena. Fayilo yoikira Ubuntu 24.04 imaposa 5 GB, ndipo palibe chifukwa choti aliyense aziitsitsa payekha. Kalasi iliyonse isonkhe flash imodzi, iikemo Linux pa Wi-Fi ya pasukulu, ndipo class rep aziisunga ngati bokosi la mankhwala. Maofesi a ICT m'mayunivesite athu apatule ola limodzi pa orientation lophunzitsa a chaka choyamba kusunga ntchito zawo m'malo awiri ndi kuwerenga uthenga wa vuto. Ntchito ya Word ndi yaing'ono. Kudzitumizira pa imelo Lachisanu lililonse sikungathe bandulo.

Kwa achimwene okonza makompyuta pa Boma ndi pa Chitakale, pempho langa n'limodzi: musanafomate, funsani kasitomala chomwe chili mkatimo, mumukopere, ndipo mumulipiritse pa ntchito imeneyo. Kwa anzanga ophunzira, sikirini ikada musatseke laputopu n'kuthamanga nayo. Jambulani zomwe yalemba, werengani mpaka mupeze dzina la gawo, kenako funsani munthu muli ndi dzinalo m'manja. Ndipo wina akakuuzani kuti ingofomatani, mufunseni kuti gawo lomwe lavuta ndi liti. Akalephera kuyankha, nyamulani laputopu yanu.